Camaro yakale ikulira kenako n'kuzima: pezani vuto musanayambe kugula zipangizo

Galimoto zakale za ku America zija, ma Camaro, ma Mustang, ma Charger ndi anzake, zili ndi vuto limodzi lomwe limadwalitsa mutu eni ake. Utembenuza kiyi injini yalira, V8 ija mpaka kugwedeza malata a galaja, koma usanakhale n'kukhala bwino pampando yazima. Uyesanso, yalira, yazimanso. Ina imakupirira mpaka utuluke pageti kenako n'kukuzimira pamaloboti anthu akukuimbira mahutala kumbuyo.

Ine ndimagwira ntchito ya umakaniko kuno ku Joni ndipo zoterezi zimabwera ndithu, chifukwa kuno kuli anthu amene amasunga galimoto zimenezi ngati ana. Zina zinachokera ku America, zina zinapangidwira konkuno monga Fairmont GT, Chevrolet SS ndi Capri Perana ya Basil Green ija yokhala ndi 302 V8. Chitsanzo changa chikhala Camaro ya 1969 ya injini ya 350, kabureta ya Rochester Quadrajet ndi distribyuta ya mapoyinti (tizitsulo totseka ndi kutsegula njira ya magetsi a koyilo), poti imeneyi ndi imene ndinavutika nayo posachedwapa, koma pamene Ford kapena Dodge zikusiyana ndizinena.

Chinthu choyamba, chonde, masikuluwu a pakabureta asiyeni kaye. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, ali poonekera ndipo sikuludiraiva ili m'thumba, koma injini yomwe dzulo imayenda bwino sinasinthe yokha masikuluwu usiku. Mukawapotokola musanapeze vuto lenileni ndiye kuti mavuto akhala awiri. Camaro ija inabwera kwa ife mwiniwake atagula kale kabureta yatsopano, mapulagi 8, koyilo, ndalama zambirimbiri zitapita, koma ikuzimabe chimodzimodzi. Vuto linali waya mmodzi.

Zofunika kukhala nazo ndi izi: multimeter, timing light, geji ya vacuum (zambiri zimayezanso mphamvu ya pampu ya mafuta), ma feeler gauge, kawaya kokhala ndi zopanira mbali zonse, botolo loonekera mkati, ndi masipanala a mainchi chifukwa a mamilimita amangowononga mitu ya manati pagalimoto zimenezi. Chozimitsira moto chikhale pafupi pomwe dzanja lifike, osati m'nyumba. Ndipo zomathira petulo m'kabureta wina akuliza injini zija musachite, ikabweza moto imapsereza nkhope ndi manja nthawi yomweyo. Fani ya galimoto izi ndi yachitsulo, ilibe chisoni ndi zala kapena malaya olendewera.

Yambani ndi kuonetsetsa mmene ikuzimira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lizani injini katatu kapena kanayi, musakonze chilichonse, ingomverani ndi kuyang'ana. Kodi ikuzima nthawi yomweyo mukangosiya kiyi, ngati wina wadula ndi mpeni? Kodi ikulira kaye masekondi angapo kenako n'kumafooka pang'onopang'ono mpaka zii? Kodi ikulira bola phazi likhale pa akiseleta, mukachotsa basi yapita? Kapena ikuyenda bwinobwino ikadali yozizira, n'kudzayamba matenda yatentha? Kuzima kwadzidzidzi kawirikawiri ndi za magetsi, kuzima kofooka ngati munthu wanjala kawirikawiri ndi mafuta. Si lamulo losasweka ayi koma limakupulumutsani ku maola ambiri ongofufuza mumdima. Mufunsenso mwiniwake kuti chomaliza kugwiridwa pagalimotoyo ndi chiyani ndipo yakhala nthawi yaitali bwanji isakuyenda.

Ikamazima mukangosiya kiyi

Ili ndi vuto lodziwika kwambiri pagalimoto za mapoyinti ndipo ndi lomwe linali pa Camaro ija. Mmene zimakhalira ndi chonchi. Koyilo imalandira magetsi kudzera njira ziwiri. Pamene sitata ikuzungulira, koyilo imapatsidwa mphamvu yonse ya batire kuti moto ukhale wamphamvu poyambira. Mukasiya kiyi n'kubwerera pa ON, njira imeneyo imatsekeka ndipo magetsi amadutsa mu resistor yomwe imawachepetsa kuti mapoyinti asapse msanga. Ndiye resistor ija ikaduka, injini imalira pokhapokha sitata ikugwira, mukasiya kiyi koyilo ilibe kanthu, basi yazima.

Pa Dodge ndi Plymouth, ballast resistor ndi kachinthu koyera ngati kadothi kowotcha komangidwa pachitsulo cholekanitsa injini ndi mkati mwa galimoto, ndipo eni ake ambiri amayenda ndi kena kapadera mu dashibodi chifukwa kamafa mosachenjeza. Pa Chevrolet palibe kachinthu kotero, resistor yake ndi waya weniweniyo, wokutidwa ndi nsalu, wochoka pa pulagi yaikulu ya kuseri kwa bokosi la mafyuzi kupita pa + ya koyilo, ndipo njira ina ija ndi waya wachikasu wochokera pa R ya solenoid ya sitata. Pa Ford ndi waya wa pinki wobisika kuseri kwa dashibodi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani kiyi pa ON, multimeter pa + ya koyilo. Mukapeza 0, mwalipeza vuto. Mapoyinti akakhala otseka muyenera kuona pakati pa 6 ndi 9 volts, akakhala otsegula muona pafupifupi 12, zonsezo zili bwino. Kuti mutsimikize, tengani kawaya ka zopanira kaja mulumikize + ya batire ndi + ya koyilo ndipo mulize. Ikapitiriza kulira ndiye kuti vuto lili pakati pa kiyi ndi koyilo. Dziwani kuti kawayako kali pomwepo injini sizima ndi kiyi, muyenera kukachotsa, ndipo musakasiye nthawi yaitali chifukwa mapoyinti apsa ndi koyilo itentha.

Pa Camaro ija nditamasula pulagi ya kuseri kwa mafyuzi ndinapeza kachitsulo ka waya ameneyu kabiriwira ndi dzimbiri, waya akungogwira ndi tinsambo tiwiri, nditangomukhudza ndi chala anathothokeratu. Kabureta yakale imene mwiniwake anachotsa inalibe mlandu uliwonse, tinaibwezera ndipo ikugwirabe ntchito. Waya akakhala bwino, yang'anani swichi ya kiyi yeniyeniyo, nayonso imatha mkati. Ngati pali tachometer yoikidwa pambuyo pake, chotsani waya wake pa koyilo muyesenso, ikachita shoti imapha moto.

Wina akhoza kukhala kuti anaika distribyuta ya HEI, ija yopanda mapoyinti imene GM, kampani yopanga Chevrolet, inayamba kuika chapakati pa zaka za m'ma 1970, yokhala ndi koyilo pamwamba pa kapu. Imeneyo imafuna 12 volts yathunthu. Ambiri amailumikiza pa waya wa resistor wakale uja ndipo injini imalira mofooka n'kumazimazima, ndiye ngati yanu ili ndi HEI yezani magetsi pamene palembedwa BAT pa distribyutayo injini ikulira.

Ikamalira pang'ono kenako n'kufooka

Apa tikuganizira mafuta. Kabureta ili ndi kambale kosungira petulo mkati, ndiye injini imamwa amene alimo, akatha ndipo ena sakubwera mokwanira imazima. Mukadikira pang'ono n'kuyesanso imalira kachiwiri chifukwa sitata yakokanso tochepa.

Ikangozima, chotsani air cleaner, tsegulani choke (chitseko cha pamwamba pa kabureta) ndi chala, yang'anani m'kamwa mwa kabureta ndi tochi ndipo kokani akiseleta ndi dzanja, kiyi ali OFF. Muyenera kuona timizere tiwiri ta petulo tikuthira mwamphamvu. Ngati palibe kapena akungodontha, kambale kaja n'kouma ndipo tiyenera kubwerera m'mbuyo kutsata paipi mpaka kuthanki.

Yambani ndi fyuluta. Pa Quadrajet ili mkati mwenimweni mwa kabureta, kuseri kwa nati yaikulu ya inchi imodzi pamene paipi imalowera. Gwiritsani masipanala awiri, imodzi kugwira nati yaikuluyo ina kumasula paipi, ndipo pobwezera yambani ndi zala chifukwa mazinga a pamenepa ndi ofewa, akangoperepeseka ndiye mwagula ntchito ina yaikulu. Musaiwale kasipuling'i kali kuseri kwa fyuluta. Yang'ananinso m'munsi mwa galimoto, nthawi zambiri pamakhala fyuluta ina ya pulasitiki imene wina anaika kalekale n'kuiiwala.

Kenako pampu. Ya pa 350 ndi yoyendetsedwa ndi injini, ili kutsogolo m'munsi kudzanja lamanja mukakhala pampando, ndipo imayenera kupereka pakati pa 5 ndi 7 psi. Koma mphamvu yokha sikokwanira, muyezenso kuchuluka kwake. Chotsani paipi pakabureta, ilowetseni m'botolo kutali ndi ekizozi, chotsani waya wa koyilo ndipo wina azungulitse sitata. Petulo azituluka mwamphamvu motsatizana, phwa phwa phwa, osati modontha. Pampu yabwino injini ikulira imapereka pafupifupi hafu lita m'masekondi 30. Mununkhizenso dipisitiki, oyilo akamanunkha petulo ndiye kuti chikopa cha mkati mwa pampu chang'ambika, musinthe pampu ndi oyilo yemwe.

Petulo wa m'botolo uja muyang'aneni bwino padzuwa. Akakhala wofiirira ndi fungo ngati vanishi ndiye kuti wakalamba, galimoto zimenezi zimakhala miyezi zili pansi pa tenti ndipo petulo sadikira. Mukaona madzi akhazikika pansi kapena tinyenyeswa tofiira, vuto lili m'thanki. Njira yachidule yodziwira ndi kutenga chigubu cha petulo watsopano, kulowetsamo paipi yopita ku pampu n'kuliza. Ikalira osazima, pampu ndi kabureta zilibe mlandu, tsitsani thanki.

M'thanki muli kasefa konga sokosi kumapeto kwa paipi yokokera. Ndinatsitsapo thanki ya Mustang ina imene imayenda makilomita awiri n'kuzima, ukadikira mphindi khumi n'kuyendanso awiri ena. Kasokosi kaja kanali katamatidwa ndi dzimbiri lofiira ngati dothi la katondo, pansi pa thanki tinakokolapo lodzaza manja awiri. Pampu ikamakoka zinyalala zimamatirira pa sefa mpaka kutseka, injini ikazima zimagwa, ndiye n'chifukwa chake imaoneka ngati yachira yokha. Timapaipi ta labala ta pamwamba pa thanki ndi pafupi ndi pampu natonso timang'aluka, ndipo mbali yokokera sitidontha kwenikweni, timangolowetsa mpweya, ndiye simuona chilichonse pansi. Tipindeni ndi zala, mukaona ming'alu sinthani tonse ndipo mugule paipi yopirira ethanol. Ku America petulo wambiri ali ndi ethanol 10 peresenti, kwathu ku Malawi akhala akusakaniza kuyambira 1982, ku Zimbabwe nakonso amasakaniza, ndipo labala wakale uja sagwirizana naye.

China chimene anthu amaiwala ndi chivindikiro cha thanki. Thanki imafunika kupuma, ndipo pa zambiri za m'ma 1960 imapumira pachivindikiro. Wina akaika chosapumira, petulo akamachepa mkati mumakhala kukoka mpaka pampu imalephera. Ikazima thamangani mukatsegule, mukamva fyuu mpweya ukulowa, yesani kuyenda chili chomasula muone. Ngati pali pampu ya magetsi yoikidwa pambuyo pake, onani ngati inadutsitsidwa pa swichi ya oil pressure, swichi imeneyo ikafa pampu imagwira pa sitata pokha.

Mafuta akachuluka

Nthawi zina si njala koma kukhuta mopitirira. Zizindikiro zake ndi utsi wakuda, fungo la petulo loyabwa m'maso, mapulagi akuda onyowa, ndipo kuti ilire mpaka upondereze akiseleta pansi. Yang'anani m'kabureta ikangozima, mukaona petulo akudontherabe mkati ndiye kuti needle ndi seat (kavalavu kolowetsa petulo m'kambale kaja) sizikutseka kapena float (koyandama kamene kamatseka kavalavuko) yamira. Float ya Quadrajet ndi yakuda yopepuka ngati thovu louma, ikakalamba imamwa petulo n'kulemera, ndipo ndi maso simungadziwe, ingosinthani poti siyodula. Ya buraasi igwedezeni pakhutu, mukamva madzi mkati yaboola. Kanyenyeswa kamodzi ka dzimbiri pa needle n'kokwanira kusefukiritsa kabureta yonse.

Pa kabureta ya Holley ndi kosavuta kuona, pambali pa mbale pali kasikuluwu koonera, mukakachotsa galimoto ili pamalo athyathyathya petulo azingofika m'munsi mwa bowolo. Akamatuluka ngati mpopi float yakwera kwambiri. Ma Holley akalekale amaphulikanso power valve injini ikabweza moto, ndiye ngati matenda anayamba itangochita phuu m'kabureta, yang'anani pamenepo. Galimoto yozima mukaponda mabuleki mwamphamvu kapena pokhota, nayonso kawirikawiri ndi float yosakhala pamlingo wake. Ndipo ngati pali kabureta ya Edelbrock, imeneyo sikonda mphamvu yopitirira 6 psi kwenikweni, pampu yamphamvu imaisefukiritsa.

Ikamalira pokhapokha mwaponda

Iyi ndiye imafuna kudekha. Yambani ndi choke injini ili yozizira. Pondani akiseleta kamodzi, chitseko cha pamwamba pa kabureta chitsekeke chokha kuti thapu. Ikangolira, kachipangizo ka vacuum kotchedwa choke pull-off kachitsegule pang'ono mamilimita ochepa, ndipo pakatha mphindi zingapo chikhale chaimirira chotsegukiratu. Pull-off ikafa injini imalira n'kutsamwa nthawi yomweyo ndi utsi wakuda. Chitseko chikapanda kutseka n'komwe imalira n'kuzima mpaka itenthe. Ngati choke ndi ya magetsi, waya wake usachokere pa + ya koyilo, ndimaziona kawirikawiri zimenezi, zimabera koyilo magetsi komanso choke sitseguka bwino.

Choke ikakhala bwino, sakani pamene pakulowa mpweya wakuba. Pa idling injini imamwa mpweya wochepa kwambiri ndiye kabowo kakang'ono kokha kamasokoneza zonse, pamene mukaponda sikaonekanso. Mnzanu agwire akiseleta kuti isazime, inu phimbani pang'ono kamwa la kabureta ndi chiguduli chokhuthala. Ikakwera ndi kumveka bwino ndiye kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Tsatani timapaipi tonse tochoka pakabureta ndi pa manifold, finyani kamodzikamodzi ndi pulayala mukumvera kusintha. Paipi yaikulu yopita ku booster ya mabuleki muiyese ndithu, booster ikang'ambika mkati galimoto imazima mukaponda buleki ndipo nthawi zina mumamva kulira kwa mpweya kumapazi. PCV valve, imene imakhala pa chivindikiro cha mavalavu, igwedezeni, izilira kuti kweche kweche. Pa otomatiki ya TH350 kapena TH400 pali paipi yopita ku modulator pa giyabokosi, ichotseni muone, mukapeza oyilo wofiira mkati modulator yaboola. Kuseri kwa kabureta kumakhalanso timabowo totsekedwa ndi tizipewa ta labala tomwe timauma n'kugwa.

Kenako thirani carb cleaner pang'onopang'ono kuzungulira gasiketi ya pansi pa kabureta, m'mbali mwa manifold ndi pamene shafti ya throttle imatulukira. Pamene liwu la injini lisinthe ndi pomwe pakudontha. Chitani izi injini isanatenthe kwambiri ndipo mutalikire distribyuta ndi ekizozi. Ma Quadrajet akale amadyeka pa shafti pomwepa, igwedezeni ndi chala, ikamasewera kwambiri pamafunika kuika ma bush, kumanga manati mwamphamvu sikuthandiza, kumangopinda kabureta.

Ngati palibe podontha ndiye kuti tinjira ta idling m'kabureta tatsekeka, zomwe zimachitika kwambiri petulo akaumira mkati. Apa tsopano mukhoza kugwira masikuluwu awiri aja osinthira kuchuluka kwa petulo pa idling, koma mwadongosolo. Mangani iliyonse mofatsa mpaka ingogunda, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, mulembe papepala. Musakanikize, nsonga yake imawonongeka. Ichotseni, thirani carb cleaner m'bowomo, pemererani ndi mpweya wochepa, bwezerani pa nambala yomwe munalemba. Zikakanika kabureta itsike, itsukidwe yonse ndi kuikidwa kiti yatsopano. Waya musalowetse m'majeti.

Ikamazima yatentha

Nyamulani zida m'galimoto chifukwa muyenera kuyesa nthawi yomweyo yazimayo, ikazizira umboni wathawa. Chotsani waya wapakati pa kapu ya distribyuta, mugwire ndi pulayala yokutidwa pafupifupi mamilimita 6 kuchoka pachitsulo cha injini, kutali ndi kabureta, wina azungulitse. Moto wabuluu wolira kuti tcha tcha ndi wabwino. Wofiirira wofooka kapena kusowa kumene, ganizirani koyilo kapena kondensa, ziwirizi zimakonda kufa zikatentha n'kudzuka zikazizira. Koyilo yotentha yosagwirika kapena yodontha oyilo yatha. Makondensa atsopano a masiku ano ena amabwera ali ofooka kale, ndiye yakale ikakhala ikugwira musaitaye, isungeni m'galimoto. Pa HEI gwiritsani spark tester, ndipo chomwe chimafa ndi kutentha ndi module ya mkati, poika ina pakani mafuta ake oyera aja pansi pake.

Moto ukakhalapo koma m'kabureta mouma, ndi vapor lock, petulo wawira m'paipi ndipo pampu ikungokoka nthunzi. Onani ngati paipi yayandikira ekizozi, makamaka pamene anaika ma header, mapaipi a ekizozi oikidwa m'malo mwa manifold. Thirani madzi ozizira pa pampu ndi paipi, ikalira mwatsimikiza. Mankhwala ake ndi kusuntha paipi, kuikutira, ndi kuika spacer yosatentha pansi pa kabureta. Onaninso heat riser pa ekizozi, kachitseko kokhala ndi cholemera panja, kazigwedezeka momasuka ndi dzanja, kakamatirira kotseka kamatumiza utsi wotentha pansi pa kabureta nthawi zonse.

Mapoyinti ndi tayimingi

Tsegulani kapu. Yang'anani ming'alu, timizere takuda ngati ta pensulo mkati, ndi kachidutswa ka makala kapakati ngati kakadalipo. Mapoyinti amatseka okha pang'onopang'ono chifukwa kachidendene kokhudza cam kamadyeka, mpata ukachepa moto umafooka ndipo tayimingi imabwerera m'mbuyo. Pa Chevrolet V8 mpata wa atsopano ndi 0.019 inchi ndipo dwell, kutanthauza madigiri amene cam ya distribyuta imazungulira mapoyinti ali otseka, ndi 28 mpaka 32. Ubwino wa distribyuta ya GM ndi kawindo kachitsulo pambali pa kapu, mumakakweza n'kulowetsa allen key ya 1/8 ndi kusintha dwell injini ikulira mpaka ifike pa 30. Pakani kagirizi kochepa pa cam. Kawaya kakang'ono kochoka pa mapoyinti kupita ku koyilo kamathyokera mkati mwa chikopa chake chifukwa mbale ya mapoyinti imayendayenda, kakokeni pang'ono muone. Gwedezaninso shafti cham'mbali, ikamasewera dwell siingakhazikike.

Ngati wina anagwirapo mawaya a mapulagi, awerengeni. Chevrolet ndi 1-8-4-3-6-5-7-2 ndipo rota imazungulira ngati wotchi, ma V8 a Chrysler (Dodge ndi Plymouth) nambala ndi zomwezo. Ford 289 ndi 302 zakale ndi 1-5-4-2-6-3-7-8 pamene 351 ndi 1-3-7-2-6-5-4-8, komanso Ford imawerenga masilinda mosiyana, 1 mpaka 4 mbali imodzi. Pa Chevrolet 5 ndi 7 ndi amene anthu amasinthanitsa kwambiri poti ali moyandikana.

Dwell ikhale yoyamba, tayimingi pambuyo, chifukwa kusintha dwell kumasuntha tayimingi. Chotsani paipi ya vacuum advance n'kuitseka, ikani timing light pa waya wa nambala 1. Nambala yeniyeni ili pa sitika ya m'boneti kapena m'buku la galimotoyo, koma 350 wamba imakhazikika bwino penapake pakati pa madigiri 6 ndi 12 isanafike TDC, pamene pisitoni ya nambala 1 yafika pamwamba penipeni. Tayimingi ikabwerera kwambiri injini imatentha, imafooka, ndipo imazima mukangoika giya pa D. Mukaona kuti chizindikiro chili kutali koma injini ikumveka bwino, kayikirani damper ya kutsogolo, gudumu limene pali chizindikirocho, mkombero wake wakunja umakhala pa labala ndipo ukakalamba umaterereka. Yamwani paipi ya vacuum advance ndi pakamwa, mbale isunthe ndipo igwire, ikamangolowa mpweya imeneyonso ndi bowo lina.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikuzimabe

Tsopano tikulowa mkati mwa injini. Lumikizani geji ya vacuum pa manifold. Injini yabwinobwino ya cam wamba imaonetsa mainchi 17 mpaka 21 muvi uli chilili, koma zimenezo ndi za m'mphepete mwa nyanja ya mchere ngati ku Durban. Mukakwera mamita 300 alionse mumataya pafupifupi inchi imodzi, ndiye kuno ku Johannesburg komwe kuli pafupifupi mamita 1,750 mukaona 14 kapena 15 musachite mantha, ku Lilongwe mungayembekeze kutsika ndi mainchi atatu kapena kuposerapo pang'ono. Chofunika kwambiri ndi khalidwe la muviwo. Wotsika koma wokhazikika ndi tayimingi yochedwa kapena mpweya wakuba, wogwa mobwerezabwereza ndi valavu yopsa kapena yomatirira, wotsika pang'onopang'ono mukagwira akiseleta pamalo amodzi ndi ekizozi yotsekeka. Cam yaikulu ya mpikisano imatsitsa vacuum mwachibadwa ndipo imafuna idling yokwererapo, mufunse mwiniwake ngati inasinthidwa.

Tcheni cha tayimingi nacho muchiyese. Mainjini ambiri a nthawi imeneyo anali ndi giya ya cam ya mano okutidwa ndi nayiloni kuti isamachite phokoso, ndipo patatha zaka zoposa 50 manowo amathothoka n'kugwera mu sampu. Chotsani kapu, zungulitsani injini ndi sipanala pa bawuti ya kutsogolo mpaka chizindikiro chifike pa 0, kenako bwererani pang'onopang'ono mukuyang'ana rota. Werengani madigiri omwe adutsa rota isanayambe kusuntha. Akapitirira 8 kapena 10 tcheni chatha, ndipo ngati chadumpha dzino palibe kusintha kwa kabureta komwe kungathandize. Malizani ndi compression, mapulagi onse atachotsedwa ndi throttle yotsegula, masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti.

Vuto likapezeka n'kukonzedwa, ndi pamene mumasintha kabureta komaliza. Injini itenthe mokwanira, choke itseguke yonse, air cleaner ikhale pamalo pake, geji ya vacuum ili yolumikiza. Ngati masikuluwu anasokonezedwa kale yambirani pa kuzungulira kamodzi ndi theka kapena kawiri kuchoka pogunda, mbali zonse mofanana. Sunthani imodzi kotala, dikirani masekondi angapo, chitani chimodzimodzi inayo, mukusaka pamene muvi wakwera kwambiri. Mukaona kuti mukumanga mpaka kumapeto koma injini sikusintha, ndiye kuti sikuluwu ya liwiro inakwezedwa kwambiri pobisa vuto lakale lija ndipo throttle yatseguka kupitirira tinjira ta idling, itsitseni muyambirenso. Liwiro likhale cha m'ma 600 mpaka 750 rpm, ya otomatiki muyeze ili pa D mnzanu ataponda buleki ndipo matayala mwaika miyala, inu muime pambali osati kutsogolo. Kenako yatsani magetsi onse ndi hita, pondani buleki kangapo, potokolani chiwongolero mpaka kumapeto, muone ngati ikugwirabe. Ikapirira zimenezo itulutseni muyende nayo mphindi 20, muizimitse padzuwa mphindi 10 boneti ili yotseka, ndiye muilizenso.